Msonkhano wa Loweruka: Ana Athu Akamaliza Sukulu

Makolo anzanga, amayi ndi abambo a m'gulu lathu kuno ku Chipata, tikumane Loweruka likudzali nthawi ya 9 koloko m'mawa pamalo athu a masiku onse. Nkhani ndi ya ana athu amene amavutika kugwira maphunziro, makamaka amene sukulu yawathera kapena ikuwathera chaka chino.

Tonse tikudziwa zimene zimachitika yunifomu ikapindidwa. Mnyamata wa zaka 19 amangokhala pakhonde tsiku lonse, wailesi pakhutu, pomwe akhoza kuweta nkhuku, kuthirira kudimba kapena kuthandiza azakhali ake kugulitsa tomato kumsika wa Kapata. Chofunika ndi munthu womuonetsa ntchito imodzimodziyo mobwerezabwereza, mosakalipa. Kuwerenga chenji nakonso ndi phunziro, tisakuchepetse.

Tidzayamba ndi mapepala, chifukwa ambiri timagwa pamenepo. Mwana akakwanitsa zaka 16 atenge NRC, chitupa cha unzika. Alembetsedwenso ku ZAPD, bungwe loyang'anira anthu olumala motsatira lamulo la 2012, kuti alandire khadi lake. Tidzafotokozerananso za Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika, ndi mabasale ophunzirira ntchito zamanja ochokera ku CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu), amene pempho lake limadzera ku komiti ya chitukuko ya muwodi. Amene munayendapo kale njirazi, chonde musajombe.

Anawo mubwere nawo. Takhala tikuwasankhira zochita iwo ali kunyumba. Ulendo uno anene okha zimene akufuna. Azibambo, nkhaniyi si ya amayi okha. Musaiwale kope ndi cholembera.