Mabuku a mbiri yathu akukulungira usipa pamsika

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zimene zachitika pasukulu ina ya sekondale m'dera lathu lino, nkhani imene aliyense kuno akuidziwa ngakhale kuti oyenera kuyankhulapo angoti duu. Sukuluyi italandira makompyuta kuchokera kwa akufuna kwabwino, oiyendetsa anaona kuti malo oikamo makinawo ndi m'laibulale, ndipo anatuma ophunzira kuti atulutse mabuku onse amene sali pa silabasi ya MSCE n'kuwaunjika pakhonde la kuseri, kumene mvula ya mu Januwale inawapeza. Amene anapulumuka ku mvula anatoledwa ndi ana a m'midzi yozungulira, moti lero mukafika pamsika wathu mupeza usipa ndi zitumbuwa zikukulungidwa m'masamba a mabuku amene eni ake anawavutikira zaka zambiri. Nditafunsa chifukwa chake ndinauzidwa kuti mabukuwo ndi akale, Chingerezi chake n'cholimba, ndiponso palibe mwana amene amawabwereka.

Mashelefu amenewo ndimawadziwa bwino chifukwa ndinaphunzitsa mbiri pasukulupo ndisanapume pantchito, ndipo ndikufuna owerenga amve zimene zatayidwa.

Panali buku la Martin Chanock lotchedwa Law, Custom and Social Order, limene linasindikizidwa ku Cambridge mu 1985. Bukuli limafufuza mmene malamulo amene timawatcha a chikhalidwe chathu anaumbidwira kuno ndi ku Zambia m'nthawi ya atsamunda. Wolembayo anasanthula zolembedwa za milandu yakale ndipo anaonetsa kuti zambiri zimene lero timalumbira nazo kuti ndi mwambo wa makolo pa nkhani za ukwati, kusudzulana, chigololo ndi chuma cha masiye zinakhwimitsidwa pamaso pa mabwana a DC, pa nthawi imene ukapolo unali utangotha, anyamata akuthamangira kumigodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), ndipo ndalama zikusokoneza ulamuliro wa akuluakulu m'mudzi. Amuna achikulire, poona kuti akazi ndi achinyamata akuwapulumuka m'manja, ankafotokozera azungu mwambo wouma kuposa umene unalipo, azunguwo n'kuulemba ngati lamulo losasinthika, ndipo makhoti a mafumu amene anavomerezedwa ndi lamulo mu 1933 anapitiriza kugamula milandu motsatira zomwezo. Munthu angathe kutsutsana naye Chanock pa mfundo zina, koma sangatsutsane naye asanamuwerenge. Dziko limene lakhala likukangana za malamulo a malo kuyambira pamene anakhazikitsidwa mu 2016, dziko limene akazi amasiye akulandidwabe katundu ndi achibale a mwamuna m'dzina la mwambo, lingatayire bwanji mvula buku lofotokoza kumene mwambo umenewo unachokera? Kodi amene analamula kuti litulutsidwe anayamba alitsegula n'kuwerengako ngakhale tsamba limodzi?

Panalinso buku la Megan Vaughan la mu 1987 lonena za njala ya mu 1949, imene inasautsa kwambiri anthu a m'boma la Blantyre. Mayi ameneyu sanadalire malipoti a boma okha, koma anakhala pansi ndi amayi a m'midzi n'kumvetsera nyimbo zawo za pamtondo, ndipo m'nyimbozo anapezamo zimene malipoti sananene, monga za amuna amene anachoka pakhomo ponena kuti akukasuma chakudya koma osabwereranso, kusiya akazi ndi ana pa njala. Agogo a ophunzira athu ena anaiona njala imeneyo ndi maso awo. Njala imabwerabwera m'dziko muno, monga tinaonera mu 2002, ndipo amene amagawa chimanga cha thandizo akanapindula kudziwa kuti ndi anthu otani amene anaiwalika pa kagawidwe ka chakudya kalelo.

Za sayansi ndingotchula buku la Jessie Williamson la zomera zothandiza za m'dziko muno, limene linatuluka koyamba mu 1955, momwe muli maina a ndiwo zakutchire, zipatso ndi mitengo ya mankhwala m'zinenero zathu pamodzi ndi maina ake a sayansi. Mitengo yambiri yotchulidwa mmenemo ikutha ndi makala, ndipo mwana wa lero sangakuuzeni dzina lake.

Koma chimene chandipweteka mtima koposa ndi mabuku a chinenero ndi zolembalemba. Pa shelefu ya pakona panali mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 1929, umene Alexander Hetherwick anaukonza kuchokera pa ntchito ya David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, yemwe anatulutsa mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja mu 1892. Scott sankangomasulira mawu, koma ankalongosola miyambo, zida ndi kaganizidwe ka anthu amene ankayankhula mawuwo, kotero kuti muli mawu a kusula, kuwomba nsalu, ulenje ndi kayendetsedwe ka milandu pabwalo amene lero sakumvekanso pakamwa pa munthu aliyense. Pambali pake panali Mbiri ya Achewa ya Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma Mission yemwenso buku lake la Nthondo linapambana mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa mu 1933. Mbiri ya Achewa ndi buku la m'Chichewa chomveka kwa aliyense, ndiye chifukwa chija chakuti Chingerezi chake n'cholimba chikugwa pomwepo. Linatayidwa chifukwa chakuti chikuto chake chinali chothimbirira, basi.

Akonzi, buku la silabasi limakalamba silabasi ikasintha, ndipo palibe amene angadandaule likachotsedwa. Buku la kafukufuku wa mbiri ndi losiyana, chifukwa lili ndi umboni wa anthu amene anamwalira kalekale ndi zolembedwa zimene mwina zinawonongeka wolembayo ataziwerenga kale. Akuluakulu anati mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo mabuku otere amakwera mtengo akamakalamba. Zoti ana sawabwereka si mlandu wa mabuku. Ndi mlandu wa ife aphunzitsi amene tazolowera kulembetsa manotsi pabolodi kuti ana aloweze n'kukhoza mayeso, osawatengera ku shelefu n'kuwaonetsa kuti zimene akulowezazo munthu wina anazifufuza, ndipo wina anazitsutsa. Makompyuta sindikuwakana, ndipo ndikuthokoza amene anapereka. Koma ambiri mwa mabuku amenewa sapezeka aulere pa intaneti, ndipo ogulitsa ake ali ku Britain ndi ku America kumene amatchula mtengo m'mapaundi ndi m'madola, ndalama zimene ngakhale oitanitsa mafuta ndi feteleza akuzisowa. Sukulu imene imavutika kugula choko idzawagulanso ndi chiyani?

Chondidabwitsa n'chakuti dziko lino latayapo kale chuma chotere, koma sitikuphunzirapo kanthu. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba n'kuwononga zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, ndipo ofufuza mbiri akulirabe mpaka lero. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, ndipo tonse tinagwira pakamwa. Zimenezo zinali ngozi. Kuyambira mu 1968 bungwe loletsa mabuku linkachotsa m'manja mwa Amalawi mabuku ambirimbiri, ndipo anthu ankawerenga mobisa poopa kumangidwa. Lero palibe amene akutiletsa kuwerenga, palibe moto umene wabuka, koma tikunyamula mabuku ndi manja athu n'kuwasiya pamvula. Izi n'zochititsa manyazi kuposa zonsezo, chifukwa tazichita mwadala ndiponso masana dzuwa likuswa mtengo.

Pamenepa ndiwonjezere dandaulo lina limene landikhala pakhosi kwa nthawi yaitali. Mabuku ambiri ofunika onena za ife analembedwa m'Chingerezi n'kusindikizidwa kunja, ndipo anthu amene anapereka nkhani zawo m'midzi sanapatsidwe mwayi wowerenga zimene zinalembedwa za iwo. A Kachere Series ku Zomba pamodzi ndi a CLAIM anachita bwino kusindikizanso kuno buku la George Shepperson ndi Thomas Price la mu 1958 lonena za John Chilembwe, ndipo anaonetsa kuti n'zotheka. Tili ndi Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, tilinso ndi akatswiri a mbiri, malamulo ndi zinenero m'mayunivesite athu. N'chifukwa chiyani mabuku oterewa sakumasuliridwa, ngakhale mwachidule, m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, kuti mfumu yogamula mlandu wa munda ndi mayi wamasiye amene akulandidwa nyumba adziwerengere okha?

Ndikupempha Unduna wa Zamaphunziro kuti utumize kalata kusukulu zonse yoletsa kutaya buku lililonse popanda kulilemba m'kaundula ndi kudziwitsa a National Library Service, ndipo mabuku onena za dziko lino amene sukulu sikuwafuna azitumizidwa ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Akuluakulu a maphunziro m'chigawo chathu abwere adzaone okha, ndipo komiti ya makolo ndi aphunzitsi iyende pamsika sabata ino kuwombola mabuku amene masamba ake sanathe kung'ambidwa.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Lilongwe