Kalata yopita ku Joni

Ndata, Thyolo
Novembala 2021

Aise,

Kalata yako anabwera nayo amalume ako, pamodzi ndi jekete ija. Zikomo, ngakhale manja ake akundipitirira zala. Unkagulira ine kapena munthu wina?

Wafunsa ngati ndinachira. Papepala ndinachira kalekale. Korona inandigwira mu Julaye, nthawi ya mtundu wake wa Delta uja, chiperoni chili pachimake. Sindinagonekedwe n'komwe, kunali kutentha thupi, chifuwa, basi. Koma mphuno yanga, aise, sinabwererenso. Poyamba sindinkamva fungo lililonse. Pano fungo labwera, koma lasokonekera. Akamakazinga anyezi ku kafiteriya ine ndimamva matayala akupsa. Usipa sindiuyandikira. Tiyi, m'boma lolima tiyi lino, ndimangomwa madzi otentha a shuga. Mtsikana uja wa ku Luchenza anadzola perefyumu watsopano n'kundifunsa kuti ukununkhira bwanji, ine n'kuyankha zoona. Mpaka lero sayankha foni. Ndiye tandiuza, ndidzakwatira bwanji? Mkazi adzapsereza nyemba ine ndikuyamikira, adzaphika nkhuku ine ndikuthawira panja. Ankhoswe adzatopa nane. Mwina ndingokhala mbeta yachimuna, ndizidya chinangwa chophika mpaka kukalamba.

Ukuseka, ndikudziwa. Koma china sichoseketsa. Mutu sukugwira. Ndimawerenga tsamba la masamu, kufika pansi ndaiwala za pamwamba. Ine yemwe uja unkandikopera ku sekondale! Masitepe opita ku laibulale ndimapumira pakati, mtima ukugunda, n'kumanamizira kumanga nsapato kuti anzanga asaone. Mpira ndinasiya. Sindili ndekha, m'hostelo muno alipo ena akungogona masana, koma aliyense amabisa, poti anthu amati korona ndi ya akuluakulu, ngati nduna ziwiri zija, a Sidik Mia ndi a Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi mu Januwale. Wachinyamata akadandaula akuti ndi ulesi, kapena mowa wa ku Goliati.

Kuchipatala anandiyeza malungo, magazi ndi TB, osapeza kanthu. Adokotala anati bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mwezi wathawu lalongosola za vutoli: zizindikiro zikakhalapobe patatha miyezi 3 chidwalireni, kwa miyezi yosachepera 2, popanda matenda ena ozichititsa, ndiye long covid imeneyo. Mankhwala ake enieni palibe. Akuti ndizipuma, ndisadzikakamize, ndizinunkhiza ndimu ndi bulugama m'mawa ndi madzulo kuti mphuno iphunzirenso. Kupuma kwake kuti, mayeso ali pakhomo?

Amayi akuti ndalodzedwa chifukwa cha sukulu. Agogo anandifunditsa bulangete pa mphika wa masamba mpaka ndinaona nyenyezi, kenako jinja ndi adyo. Katemera wa AstraZeneca ndinabayitsa, agogowo anakana, ati akudikira aone ngati ine ndife kaye.

Paja mlongo wako chinkhoswe chinachitika, anthu anadya. Ine ndinangoonerera mpunga. Chimanga chakwera ku Bvumbwe, a kabaza nawonso akweza, ndipo chaja yanga wina anabwereka osabweza. Ukamabwera Disembala undigulire, ya mutu waung'ono ija.

Za ndalama unanena zija, usauze amayi kuti ndinakupempha. Ndimafuna ndikuuzenso za maloto amene akundivutitsa usiku, koma magetsi azima ndipo dzanja latopa kale, ndiye