Tisamagule madzi pamtengo wa nkhuni

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi abale athu a kuno ku Harare, a ku Mufakose, Mabvuku, Epworth ndi Dzivarasekwa, poti magetsi a ZESA akathima tonse timathamangira nkhuni. Nkhuni zambiri zimene zimagulitsidwa m'mphepete mwa misewu kuti n'zouma zimakhala zitauma kunja kokha.

Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Nkhuni youma bwino madzi ake sapitirira 20 peresenti. Yaiwisi imayamba yaphika madzi akewo isanatenthetse mphika, n'chifukwa chake imalira kuti tsii, kutulutsa thovu kumapeto, utsi n'kudzaza khitchini yonse koma nyemba osapsa.

Musakhulupirire maso okha. Bulugamu, amene kuno amati mugamu, amang'aluka kumapeto msanga mkati muli chinyontho. Uzani ogulitsa awaze chikuni chimodzi chachikulu cha pansi pa mulu, osati chapamwamba chimene chakhala padzuwa, ndipo muike mkati mwakemo patsaya. Mukazizira, n'chachiwisi. Menyanitsani ziwiri: zouma zimalira kuti ngwe, zaziwisi kuti phu. Khungwa liyenera kusupuka mosavuta. Koma kupepuka kokha sikutsimikiza kanthu, pakuti nkhuni yofumbwa, ya timabowo totuluka ufa, imapepukanso ndipo imangoti lawilawi osasiya makala. Paini nayenso amatero, ndi woyatsira moto basi.

Pali nkhuni zina zosayenera kuphikira ngakhale zitauma chotani. Mapolo akale a mpanda kapena a magetsi, akuda onunkha phula ndiponso obiriwira pang'ono aja, anamwetsedwa mankhwala oletsa chiswe, ndipo obiriwirawo utsi ndi phulusa lake muli poizoni wa arsenic. Matabwa opaka penti n'chimodzimodzi. Pogula tsanya, amene kuno amati mupani, chenjerani ndi mutovhoti, umene umamera naye kumadera otentha: utsi wake ukalowa m'nyama yootcha, anthu amatsekula m'mimba.

Muyeso nawo ndi nkhani. Kumudzi tinazolowera mendulo, mita imodzi mbali zonse. Kuno ogulitsa ambiri amati cord, imene kwenikweni ndi mulu wosanjidwa bwino wa mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi ndi 1.2 msinkhu. Zongoponyedwa m'lole zimaoneka zambiri chifukwa cha mipata, choncho zisanjidwe kaye musanalipire.

Nthawi yabwino yogula ndi Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe. Bulugamu wowaza amafuna miyezi pafupifupi 6 ya chilimwe kuti aume, mtengo wa musasa woposerapo, ndipo chipika chosawaza chimatha chaka chisanaume. Sanjikani pa njerwa, pamwamba pokha muikepo lata. Ambiri amakulunga mulu wonse m'pulasitiki, nkhuni n'kuchita thukuta mpaka kumera nkhungu.

Pomaliza, lamulo la SI 116 la 2012 limafuna kuti wogulitsa ndi wonyamula nkhuni akhale ndi chilolezo. Ifeyo tikupempha a Forestry Commission, bungwe la boma loyang'anira nkhalango, kuti popereka zilolezozo azilamulanso kuti wogulitsa azinena mtundu wa mtengo ndi mwezi umene unadulidwa, kuti mayi wogula kamtolo kamodzi ku Mbare akhale ndi pogwira akafuna kubweza zaziwisi.

Odula ndi kugulitsa nkhuni,
Harare