Wofuna upulezidenti atiuze zomwe adzachite ndi akazitape

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za andale amene akamafuna mpando wa pulezidenti amadandaula kuti sakhulupirira akazitape a boma. Kuno kwathu timazimva kwa amene ali kotsutsa. Ku America nako, pa kampeni ya 2016, Donald Trump ananena poyera kuti sawadalira kwenikweni akazitape a dziko lake. Chifukwa chokayikira chinalipo, poti nkhondo ya ku Iraq mu 2003 inayamba ndi mawu oti Saddam Hussein wabisa zida zoopsa, koma zidazo sizinapezeke. Komatu atapambana nthambi ya akazitape ya CIA sanaithetse, anangoikako munthu wake, Mike Pompeo.

Mantha amenewa ine ndimawadziwa. Ndili mwana kuno ku Limbuli m'zaka za m'ma 1970, malume anga anali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina ya tiyi. Tsiku lina ali pa mowa anangoti ndalama ya khadi la chipani ikanagula mchere wa mwezi wonse. Patapita masiku awiri galimoto inaima pakhomo m'mbandakucha, mayi akusesa pabwalo. Anthu amene anatsikamo sitinawadziwe. Malume anakwera opanda nsapato, ndipo nsapatozo zinakhala pakhonde mpaka mayi anazikulunga m'chitenje n'kuziika pansi pa bedi. Anabwerako patatha zaka zitatu, mano akutsogolo palibe. Mpaka imfa yawo ankanong'ona ngakhale pokamba za mvula. Amene anakawanenera sitikumudziwa mpaka lero, mwina tinadya naye nsima pamaliro awo.

Achinyamata afunse akuluakulu za Focus Gwede, mkulu wa apolisi achinsinsi a Special Branch amene dzina lake lokha linkatontholetsa anthu. Iyenso anatsekeredwa m'ndende, ndipo mnzake Albert Muwalo, amene anali nduna, ananyongedwa mu 1977. Afunsenso za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983 ife n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto.

Ngakhale zili choncho, sindinganene kuti nthambi yathu ya akazitape ya National Intelligence Service ithetsedwe. Ife tili m'malire. Chipata cha Muloza chili pafupi pompa, ndipo njira zachidule zopita ku Milange amazidziwa ngakhale mwana wogulitsa nthochi. Kuchokera mu 2017 zigawenga zakhala zikupha anthu ku Cabo Delgado m'dziko lomwelo la Mozambique. Abale athu achialubino agona ndi mantha zaka zambiri. Dziko likufunika anthu omva zinthu zisanachitike, ndipo ntchito yawo ndi imeneyo, osati kutsatira mphunzitsi amene wavala nsalu ya chipani china.

Chimene chimandipweteka n'chakuti wandale akamalira kuti akazitape akumulondalonda, amalirira khungu lake lokha. Mkulu wa nthambiyi amasankhidwa ndi pulezidenti, choncho amene akudandaula lero ndi yemweyo adzasankhe mawa. Nanga bwanji satiuza malire amene iye mwini adzavomere? Atiuze ngati aphungu a mbali zonse adzakhale ndi mphamvu zenizeni zofunsa momwe ndalama za nthambiyi zayendera. Atiuze ngati adzalole kuti foni ya munthu isamvetseredwe popanda chilolezo cha khoti. Atiuzenso komwe mayi wothyola tiyi angakadandaule mwamuna wake atatengedwa usiku, poti mayi anga analibe koti n'kupita, anangokhala pakhonde kudikira.

Amene adzabwere kudzachititsa msonkhano pa Chitakale kapena pa Limbuli abwere ndi mayankho amenewa olembedwa papepala, kuti tidzawasunge. Ine ndidzakhala kutsogolo ndi ndodo yanga, ndipo ndidzafunsa mokweza mawu.

Mphunzitsi wopuma,
Limbuli, Mulanje