Mapanelo a sola ndi otikwanira kuno ku Salima

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya matailosi a sola, aja amakhala denga komanso n'kumapanga magetsi. Alamu anga awaona pa intaneti, a kampani ya Tesla, ndipo akufuna kusasula malata a nyumba yawo ku Chipoka kuti aikepo amenewo.

Ine ndawaletsa. Matailosiwa amamatirira kudenga, pomwe mapanelo wamba timawakhazika pazitsulo, mphepo n'kumadutsa kunsi kwake. Kuno mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ndipo sola ikatentha kwambiri mphamvu zake zimachepa. Kampata kameneko n'kofunika.

Kwathu ndili ndi mapanelo awiri pamalata. Fumbi likachuluka, mnyamata wanga amakwera pamakwerero ndi ndowa ndi kansanza, n'kupukuta, pofika madzulo batire yadzaza. Tsiku lina waya unapsa. Mmisiri wa pa Kamuzu Road anangomasula panelo imodzi n'kukonza, denga osalikhudza. Nanga tailosi likawonongeka m'dzinja, mvula ili pamutu, angalisinthe ndani kuno? Lolowa m'malo lichokera kuti?

Ngakhale malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM kuno ku Salima, a mamegawati 60, omwe anatsegulidwa mu 2021, anayalapo mapanelo okhaokha.

Amene akumanga nyumba yatsopano, thumba lili lotupa, atha kuwaganizira matailosiwo. Koma malata a alamu angawo akadali abwinobwino. Ndawauza kuti ndalamazo agulire mapanelo, inveta (chipangizo chosintha magetsi a batire kuti agwire ntchito m'nyumba) ndi batire yolimba, poti batire yofooka ndiyo imatigonetsa mumdima.

Wowerenga wanu,
Senga Bay, Salima