Kwa mwana wanga ku Moatize, usanatchule zaka za mwala

Mwana wanga Nangozo,

Kuno ku Ulongué tili bwino, mayi ako akupereka moni. Uthenga wako ndauwerenga, woti akupatsa mabokosi a miyala yotuluka pobowola pansi, ija mumati testemunho, kuti upeze zaka zake. Ndanyadira kuti akukhulupirira. Koma mawu amodzi andisowetsa tulo: wati utumiza malasha kuti akawayeze zaka ndi kaboni-14, mtundu wa kaboni umene umatha pang'onopang'ono chamoyo chikafa. Usatero. Theka la kaboni-14 limatha pa zaka 5,730 zilizonse, ndipo pofika zaka 50,000 wotsalayo amakhala wochepa moti sayezekanso. Malasha a ku Moatize ndi a nthawi ya Permian, imene inayamba zaka pafupifupi 299 miliyoni zapitazo n'kutha zaka 252 miliyoni zapitazo. Kaboni-14 amene makina angapezemo ndi wolowerera, wa mizu, nkhungu kapena thukuta la m'manja mwako. Njirayo ndi ya makala a m'ng'anjo zakale za makolo ndi mafupa a m'mapanga.

Yamba ndi maso ako. Yala mabokosi onse motsatana, uone chimene chagonera chinzake, pakuti cha pansi ndicho chinayamba kukhalapo. Pansi penipeni upeza gabbro ndi anorthosite za ku Tete, miyala yolimba imene inauma kuchokera ku mwala wosungunuka, ya zaka zoposa 1,000 miliyoni. Pamwamba pake pali Vúzi, miyala ikuluikulu ndi ing'onoing'ono yomatika m'dothi mopanda dongosolo, yosiyidwa ndi madzi oundana. Inde, dziko lotentha chonchili linali pansi pa ayezi. Kenako pamabwera miyala ya Moatize yokhala ndi malasha, kuphatikizapo gawo lochindikala lija la malasha lotchedwa Chipanga, ndiye mchenga wouma wa Matinde. Mzere wa pakati pa gabbro ndi Vúzi ungathe kuuphimba ndi chala, koma pamenepo pasowa zaka zoposa 700 miliyoni zimene sizinasiye mwala. Ulembe kuya kwake mosamala.

Chenjera ndi ming'alu. Pamene nthaka inathyoka n'kutsetsereka, gawo limodzi limatha kubwera kawiri kapena kusoweratu. Chizindikiro chake ndi mwala woperepeseka, kapena nkhope yosalala yokhala ndi mizere ngati yokandidwa. Dolerite, mwala wakuda wolimba uja, akadula malasha ndiye kuti iye ndi wamng'ono zaka kwa malashawo. Dolerite wa m'gulu la miyala lotchedwa Karoo analowa ali wosungunuka zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo.

Ukang'amba mwala wakuda upeza masamba a mtengo wakale wotchedwa Glossopteris, ooneka ngati lilime, mtsempha pakati ndi timitsempha tolukana ngati ukonde. Amenewa akuuza kuti uli mu Permian, basi. Zaka 47 miliyoni za Permian n'zambiri, ndiye kuti uchepetse ufunika mungu wakale wotsekeredwa m'mwalamo. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Sankha mwala wadothi wotuwa moderako kapena wakuda, wosafumbutuka. Wofiira kapena wachikasu usiye, mpweya unadya kale munguwo. Pala kunja kwake ndi mpeni woyera kuti matope obowolera achoke, utenge magalamu 30 mpaka 50, uike m'kathumba kakekake ndi kumanga nthawi yomweyo, mungu wa chimanga cha lero ungaloweremo. Nambala ya dzenje ndi kuya kwake ulembe kunja, ulembenso pa kapepala ndi pensulo n'kuponya mkati, chifukwa inki imafufutika ndi dzuwa la kumeneko. Pafupi ndi dolerite usatengepo. Moto wake unawotcha mungu n'kuusandutsa timakala tosazindikirika; talikira mtunda woposa kuchindikala kwa dolerite yemweyo, kuwirikiza kawiri ngati n'kotheka. Kusungunula mwalawo n'kwa a ku labotale. Amagwiritsa ntchito asidi wa hydrofluoric, amene amalowa pakhungu mpaka kufupa. Usadzayerekeze wekha, ndakupempha.

Nambala yeniyeni imachokera ku zircon, kamwala kochepa ngati kamchenga kosalala. Pamene kakupangika kamalandira uranium koma kamakana mtovu, choncho mtovu umene uli mkatimo unabadwa ku uranium. Theka la uranium-238 limasanduka mtovu pa zaka 4,470 miliyoni, la uranium-235 pa zaka 704 miliyoni. Ndi mawotchi awiri m'kamwala kamodzi. Akagwirizana, khulupirira, akasiyana, kawirikawiri ndiye kuti mtovu wina unathawa.

Koma funsa nthawi zonse kuti zircon ameneyu anabadwira kuti. Wa m'phulusa la phiri lophulika anagwa pamodzi ndi phulusalo, ndiye zaka zake zimakhala pafupi kwambiri ndi zaka za gawolo. Funafuna kamzere kopyapyala ka dothi loyererako pakati pa malasha. Ukakapeza, katenge kokhakokha, osasakaniza ndi za pamwamba kapena za pansi. Wa mumchenga wa Matinde ndi mlendo, anakokoloka ku mapiri akale. Angakupatse zaka 1,000 miliyoni pamene mchengawo unaunjikana mu Permian. Pa mchenga tumiza makilogalamu awiri mpaka asanu, upemphe kuti ayeze timiyala tosachepera 100, ndipo uyang'ane kagulu kang'ono zaka kuposa tonse, osati kamwala kamodzi kokha. Kaguluko kakungokuuza kuti mchengawo sungapose zaka zimenezo. Mu lipoti ulembe choncho: "sunaunjikane isanafike nthawi yakuti." Akuluakulu angakukakamize kulemba nambala imodzi yoyera. Kana mwaulemu, ndipo usachotse kanambala ka pambali kosonyeza mlingo umene muyeso ungaphonye.

Ukadzapita ku Mágoè kukaona mitengo ija inasanduka miyala, jambula, yeza, lemba malo ake, koma usagumule chidutswa popanda chilolezo. Thunthu likachoka pamene linagona, palibenso angadziwe gawo limene linachokera.

Unditumizire zithunzi za mabokosi a mamita khumi pamwamba ndi pansi pa dolerite, mwalawo utaunyowetsa ndi madzi kuti mizere ioneke, tisankhire limodzi potenga mungu. Uzimwa madzi ambiri, ndipo chipewa chisachoke kumutu.

Ndine bambo ako.