Dzungu tinalisema, koma silinapite kudzala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imatikanganitsa ife Amalawi a kuno ku Joni mwezi wa Okutobala ukamatha: mwana akapempha kusema nkhope pa dzungu, timulole kapena timukanize?

Ine poyamba ndinakana. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 9, wobadwira konkuno ku Rosettenville, anabwera kuchokera kusukulu n'kunena kuti, "Amayi, anzanga onse akugula pumpkin, ifenso tigule." Zinandipweteka pawiri. Mwana wanga sankadziwa mawu akuti dzungu, komanso ankafuna kuseweretsa chakudya. Ine ndinakulira ku Ntcheu. Njala ya 2002 ndinaiona ndi maso angawa. Mu Febuluwale ndi Malichi, chimanga chisanakhwime, chimene chinatigoneka ndi maungu ndi nkhwani wopanda nsinjiro. Agogo anga akanaona munthu akuboola dzungu n'kukalitaya, akanalira.

Anandibweza maganizo ndi bambo a kunyumba. Anati, "Anaphiri, kodi agogo anuwo sankakhala pakhonde ndi kampeni n'kumaboola zipanda, inu muli pambali kutola nthanga?" Ndinasowa choyankha, chifukwa madzulo amenewo ndimawakumbukirabe.

Mwambowu ndi wa eni, ndipo sindikubisa. Anthu a ku Ireland ankasema nkhope pa mizu ikuluikulu yobulungira ya chomera chodyedwa chotchedwa turnip n'kuikamo moto. Atasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800 anakapeza maungu, aakulu ndiponso osavuta kusema. Tsiku lake ndi 31 Okutobala, lija amati Halloween. Kumeneko imakhala nyengo yokolola, maungu ali mbwee. Kuno ndi kumudzi imakhala nthawi yososa ndi kudikira mvula, n'chifukwa chake maungu ofiirira aja amawaika m'masitolo akuluakulu mtengo wake umabaya.

Ife sitinagule amenewo. Tinagula dzungu loyera lafulati, limene kuno amati boerpampoen, kwa mayi wina wogulitsa ndiwo m'mbali mwa msewu. Khungu lake ndi louma zedi, moti mpeni anagwira ndi bambo okha. Tinayala manyuzipepala pansi m'chipinda chathu. Mtsikana uja anajambula maso ndi pakamwa, mlongo wake wa zaka 5 n'kupisa dzanja m'kati kutulutsa nthanga, uku akukuwa kuti zikuterera. Ine ndinatenga supuni n'kupala mnofu wonse mpaka dzungu linatsala ngati chikho. Nkhope yoopsa ndinaikana. Anasema nkhope yoseka, ya dzino limodzi, akuti ndi agogo akumudzi.

Ntchitoyi inatitengera pafupifupi maola awiri, wopanda wogwira foni. Amene amagwira ntchito kuno akudziwa kuti zimenezi n'zosowa. Bambo amalawira m'bandakucha kukakwera takisi, ine ndimafika kutada. M'maola awiri amenewo ana anaphunzira mawu akuti dzungu, nthanga, chipanda, ndipo anadabwa kumva kuti nkhwani umene amadya ndi masamba a chomera chomwechi. Mnofu tinauphika usiku womwewo. Nthanga ndinazikazinga ndi mchere ngati mmene ankachitira agogo. Tinazimitsa magetsi, n'kuyatsa kandulo m'kati mwa dzungu, bambo n'kuyamba nthano ya Kalulu. Ana anaphunzira kuvomera kuti "Tili tonse."

Kwa abale anga akutchalitchi amene amati zimenezi n'zamizimu, nkhawa yanu ndikuimva, ndipo inenso ana anga sindiwaveka zovala za mfiti kapena kuwatuma kukagogoda m'makomo a eni usiku. Koma musaweruze banja limene lakhala pansi pamodzi ndi dzungu ndi mpeni. Chimene ine chimandiwawa ndi china: pa 1 Novembala, popita kuntchito ku Randburg, ndimaona maungu athunthu m'mabini, mnofu uli momwemo, pomwe pamaloboti apafupi pali anthu opempha chakudya. Chimenecho ndicho sindidzalola pakhomo panga.

Nthanga khumi sitinakazinge. Mtsikana uja anazibzala kuseri kwa chipinda, m'mbali mwa mpanda, ndipo amazithirira ndi madzi otsukira mbale. Zinayi zamera. Dzulo wandifunsa kuti nkhwani wake tidzayamba liti kutchola, ndipo wafunsa m'Chichewa.

Mayi wa ana awiri,
Rosettenville, Johannesburg